Khutu la a Jairos pa Mapaipi a Nthunzi

A Jairos Mlenga anabwera ku England ndi masutikesi awiri, ndipo pansi pa sutikesi yachiwiri panali sikuludiraiva yaitali ngati mkono, ya chogwirira chamtengo chomwe chinali chitada ndi thukuta. Akazi awo a Mildred, omwe anapeza ntchito ya unamwino pa chipatala cha ku Dudley, anawaona akuilongedza ndipo anafunsa ngati ankaganiza kuti kwa azungu kulibe masikuludiraiva. A Jairos anangoikulunga m'thaulo n'kuiika pansi pa nsapato.

Bambowa anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pa maboyila a fakitale ya shuga ku chigwa cha Shire. Nthunzi ankaidziwa mmene mayi amadziwira kulira kwa mwana wake. Koma atafika kuno mapepala awo sanawerengedwe kanthu, ndipo kwa zaka zinayi analongedza makatoni mu weyahausi ina, chinyumba chosungiramo katundu, ku Wolverhampton. Sikuludiraiva ija inasanduka yotsegulira zitini za penti. Sankadandaula mokweza, poti ana ankadya ndipo ankapita kusukulu, koma mumtima zinkawawawa kwambiri. Munthu amene kale ankadzutsidwa ndi mabwana boyila ikavuta, tsopano ankauzidwa ndi kachipangizo ka pamkono kuti akuchedwa kunyamula katoni.

Amene anawatulutsa mu weyahausimo ndi Fiona, mwana wa a Laison Kachingwe, mnzawo wa a Jairos kuyambira ku sekondale. Mtsikanayu anabadwira ku Birmingham. Chichewa ankamva chonse, koma poyankha ankayankha m'Chingerezi monga achitira ana obadwira kuno. Lamlungu lililonse, mapemphero a Amalawi akatha mu holo ya sukulu yomwe ankabwereka, Fiona ankawabweretsera a Jairos mbale ya mpunga atapinda mawondo pang'ono, mmene mayi ake anamuphunzitsira. Lolemba m'mawa Fiona yemweyo ankavala chisoti cholimba choyera n'kukhala injiniya pa kampani ina yaing'ono yopanga magetsi powotcha gasi, m'mphepete mwa ngalande pakati pa Dudley ndi Wolverhampton.

Ntchito yake inali yotere. Gasi akapsa amatulutsa utsi, ndipo mu utsimo muli mpweya wa kaboni, uja akuti ndi umene ukutenthetsa dziko. Eni kampani anamanga nsanja ziwiri zachitsulo kuti ayese kuugwira mpweyawo usanathawire kumwamba. Mu nsanja yoyamba utsi unkakwera, mankhwala amadzimadzi akutsika, ndipo mankhwalawo ankamwa kaboni. Mu nsanja yachiwiri mankhwala aja ankawawiritsa ndi nthunzi kuti alavule zomwe amwa. Kaboniyo ankamuthira m'mathanki, magalimoto n'kumapita naye kwa opanga zakumwa zoziziritsa kukhosi. Nkhani inavuta pa nthunzipo. Nthunzi yowiritsira mankhwala ndi yomweyo imene ikanazunguza makina opanga magetsi, choncho kugwira kaboni kunali kudya magetsi omwe kampani ikanagulitsa. Eni ake anavomera kutaya mayunitsi khumi pa mayunitsi 100 aliwonse. Nsanja za Fiona zinkadya khumi ndi asanu, ndipo panalibe wodziwa chifukwa chake.

Pamenepo ndi pomwe panafunika munthu wothandiza kwa miyezi itatu, wonyamula madiramu, wotunga mankhwala m'timabotolo kuti akayezedwe, ndi wosesa. Fiona anapereka dzina la a Jairos. Iwo sanaloledwe kugwira valavu yotsegulira mapaipi ngakhale imodzi, poti pepala la kuno analibe. Koma tsiku loyamba atangolowa pachipata n'kumva mapaipi akung'ung'udza, maso awo anadzaza misozi, n'kunamizira mphepo yozizira. Za kuti nsanja ziwiri za ku Dudley zingakonze mvula ya ku Chikwawa, komwe mlongo wawo anagumukiridwa nyumba kawiri ndi madzi osefukira, a Jairos sankazikhulupirira kwenikweni. Ankangoti mwina, poti ndi pang'onopang'ono pomwe mtolo umakulira. Chomwe ankadziwa motsimikiza n'chakuti abwerera pakati pa nthunzi, ndipo ku makatoni sankafunanso kubwererako.

Sabata yachiwiri anabwera ndi sikuludiraiva ija m'thumba lalitali la ovolosi. Chizolowezi sichimva malamulo. Pansi pa nsanja yachiwiri panali kachitsulo konenepa ngati mphika wa ndiwo, komwe amisiri amati thirapu. Nthunzi ikamaliza kuwiritsa mankhwala imasanduka madzi, ndipo ntchito ya thirapu ndi kutulutsa madziwo n'kutsekera nthunzi kuti isathawe isanagwire ntchito. Ku fakitale ya shuga kuja, m'mawa uliwonse a Jairos ankayenda pa mathirapu onse, nsonga ya sikuludiraiva pachitsulo, chogwirira pakhutu. Thirapu yabwino imatseguka, kutseka, n'kukhala chete kanthawi, kenako kutsegukanso. Iwo ankati imapuma. Tsiku limenelo anayang'ana uku ndi uku, n'kugunditsa nsonga pa thirapu yaikuluyo. Sinali kupuma. Inkangoti siii, osalekeza. Nthunzi inkadutsa yamoyo, kulowa m'paipi yokutidwa yobwerera ku boyila, komwe diso silikanaiona. Mita inkawerenga nthunzi yonse yolowa mu nsanja, koma gawo lina linkangodutsamo ulendo.

Munthu wina akanathamangira ku ofesi nthawi yomweyo. A Jairos anabweza sikuludiraiva m'thumba n'kutola tsache. Choyamba, anagwira chomwe sanaloledwe kugwira. Koma chachikulu chinali Fiona. Mtsikanayu ankakhala pa kompyuta ndi mainjiniya anzake awiri achizungu, akusintha kutentha, akukayikira mankhwala, akuitanitsa ena atsopano. Thirapu sankaiganizira n'komwe, poti inali yatsopano ndipo amene anaiika anasainira kuti ili bwino. Ndiye wosesa, wolowa ntchito chifukwa cha chifundo cha mwanayo, akaime pamaso pa azungu n'kunena kuti injiniya wanu sakuona chomwe chili pamphuno pake? Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndipo mwana wako sumuvula pagulu. A Jairos anaganiza zochita zinthu mwaulemu, monga timachitira kwathu. Nkhani ya mwana imadzera kwa kholo.

Lamlungu mapemphero atatha anawakokera a Laison pambali, pafupi ndi poimika magalimoto. Anayamba ndi moni, anafunsa za kumudzi, anayamikira mmene Fiona analeredwera ndi mmene akuyendetsera ntchito. Atazungulira mokwanira, anati pali kachitsulo kena pansi pa nsanja yachiwiri komwe mwina mwanayo, akapeza mpata, atakayang'anako. A Laison amayendetsa basi, ndipo za nsanja sankadziwa kuti zili zingati. Anagwedeza mutu mwaulemu, n'kulonjeza kuti mawu afika. Madzulo ake anauza akazi awo a Ellah kuti a Jairos akuyamikira mwana, koma akuti aziyang'anitsitsa zitsulo. A Ellah anaona kuti mwana watopa kale, si bwino kumuonjezera katundu. Pomwe uthengawo unkafika kwa Fiona pa foni, unali woti Uncle Jairos akunyadira kwambiri ndipo akuti ulimbikire.

Lolemba Fiona anawamwetulira a Jairos n'kuwathokoza. A Jairos anati ndiye kuti mawu afika, n'kudikira kuti aone amisiri akupita ku thirapu. Sabata inatha. Inatha yachiwiri. Anaganiza kuti mwina mwanayo wamva koma ali ndi zifukwa zake za kusukulu, zomwe munthu wa sikuludiraiva sangazidziwe. Kubwereza nkhaniyo kukanakhala ngati kumukakamiza. M'mawa uliwonse ankapitabe kukamvetsera mobisa, ngati kuti thirapu ingachire yokha, ndipo m'mawa uliwonse inkangoti siii.

A Mildred ndi amene anaona kuti amuna awo sakudya bwino. Tsiku lina m'mawa, atangofika kuchokera ku shifiti, anawapeza atakhala pa tebulo tiyi atazizira, ndipo anawapanikiza mpaka anaulula zonse. Mayiwa anavula nsapato, n'kuwatembenukira.

"Bambo a Dumi, ine pa ward ndimawauza ma-doctor a msinkhu wa Fiona kuti dose iyi yalakwika, pamaso pa aliyense. Amandithokoza. Inu mwamva matenda ndi khutu lanu, n'kukauza a Laison? A Laison a basi? Manyazi anapha lambe, bambo."

A Jairos anati za kuchipatala n'zina, kumeneko kumafa anthu. A Mildred anayankha kuti nakonso ku nsanjako kufa munthu, ndipo munthuyo ndi amene wakhala pa tebuloyu, chifukwa akabwerera ku makatoni sadzakhalanso yemweyu. Atatero anakwera kukagona. A Jairos anakwera basi yawo atakwiya, ndipo chomwe chinawakwiyitsa kwambiri n'chakuti mayiwo sananame.

Komabe anakhala chete masiku ena anayi. Lachitatu kunabwera Ann, mayi wa imvi zodula mwachidule amene ankayang'anira ntchito yonse m'malo mwa eni kampani. Anasonkhanitsa onse m'kachipinda kodyera n'kulankhula mosapsatira. Anati iye amafuna kuti nsanjazo zikhale, koma kampani singamawotche gasi wochuluka chotero kuti igwire utsi wa gasi yemweyo. Lachisanu masana adzawerenga komaliza. Mayunitsi otayika akadzapitirira khumi ndi awiri, nsanja zizimitsidwa, ndipo onse olembedwa chifukwa cha nsanjazo ntchito yawo idzathera pomwepo. Zinthu zinali zitafika pa mwana wakana phala.

Anthu atabalalika, Fiona anawatsatira a Jairos kuseri kwa madiramu. Chisoti anali atachivula, maso ali ofiira.

"I'm sorry, Uncle," anatero. Anapitiriza m'Chingerezi chakecho kuti anawachotsa pa ntchito yokhazikika n'kuwabweretsa pa chinthu cholephera, kuti wayesa zonse zomwe anaphunzira, ndipo sakudziwa kuti bambo ake akawayang'ana bwanji.

Apa ndi pomwe a Jairos anaona chomwe ulemu wawo unachita. Mwana amene ankamuteteza ku manyazi anali ataima pamaso pawo akupepesa mlandu womwe sunali wake. Anachita manyazi aakulu kuposa aja ankawathawa.

"Mwanawe, vuto si mankhwala," anatero. "Ndi trap yaikulu ija ya pansi pa nsanja yachiwiri. Sikutseka. Steam ikungodutsa osagwira ntchito. Ndinaimva ndi khutu langa."

Fiona anafunsa kuti anaimva liti. A Jairos anayang'ana pansi n'kunena kuti papita masabata asanu ndi limodzi.

"Six weeks, Uncle?"

Anafotokoza kuti mawu anatumiza, anadzera kwa bambo ake monga mwa mwambo. Fiona anakumbukira foni ya mayi ake ija ya kulimbikira, ndipo anaseka kuseka kowawa, misozi ikutsika. Atapukuta m'maso anaulula zake. Anati anawaonapo kangapo pa zenera ali ndi sikuludiraiva pakhutu. Mwa lamulo anayenera kuwaletsa, kapena kuwafunsa chomwe akuchita. Koma mnzawo wa bambo ako, munthu amene umamupatsa mbale utapinda mawondo, umamuyamba bwanji kuti bambo mukutani apo? Ankangotembenuza mpando n'kuyang'ana kwina. Choncho wamkulu ankaopa kuchititsa manyazi mwana, mwana ankaopa kuchititsa manyazi wamkulu, ndipo pakati pawo gasi ankapsa usana ndi usiku. Ulemu ndi chinthu chabwino, sitikana, koma umenewu unali wodula.

Fiona anavala chisoti chake, ndipo atachivala anasintha nkhope. Sanawapemphe a Jairos, anawauza kuti atsagane naye kwa Ann, ndipo akanene okha zomwe amva. A Jairos anayesa kunena kuti bwanji iye akangonena ngati waganiza yekha, ulemerero ukhale wake. Fiona anakana. Anati iye sananamepo pa ntchito, ndipo sayambira lero.

Ann anamvetsera atapinda manja. Anafunsa kuti a Jairos anaphunzira kuti zimenezi, ndipo atamva za zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pa maboyila, anayang'ana tsache lomwe anali atalitsamiritsa pakhomo. Sanawanyengerere. Anawadzudzula chifukwa chogwira chitsulo chotentha popanda chilolezo, ndipo anawadzudzula kawiri chifukwa chokhala chete. Fiona naye analandira zake. Kenako anati khutu si umboni, umboni uli m'kati mwa thirapumo, n'kusaina pepala lololeza kuti mawa m'mawa nthunzi itsekedwe kwa maola awiri.

Usiku umenewo a Jairos sanagone bwino. Nanga khutu litakhala kuti lakalamba? Zaka zinayi za makatoni si zochepa. Anadzuka m'mamawa, nakwera basi yoyamba, n'kufika pachipata alonda asanasinthane.

Mmisiri wa kampani anamasula mabawuti asanu ndi atatu, chitsulo chitazizira, onse ataima mozungulira. Atachotsa chivundikiro anaunika ndi tochi, analowetsa pulayala, n'kutulutsa kachidutswa ka chitsulo chowotcherera, kakang'ono ngati nyemba. Kanatsalira m'paipi pomwe ankamanga nsanja, nthunzi inakakankha, ndipo kanakakhala pakamwa penipeni pa thirapu, moti chitseko chake sichinkafika pansi. Mmisiriyo anakaika m'dzanja la a Jairos. Mmodzi wa mainjiniya achizungu aja anatukwana pang'ono, kenako anawagwira chanza.

Koma ntchito inali isanathe, poti nsanja zikazizira zimatenga nthawi kuti zikhazikike. Lachinayi lonse manambala ankakwera ndi kutsika. A Jairos anasesa malo omwe anali atasesa kale. Lachisanu masana onse anadzazana kumbuyo kwa mpando wa Fiona, Ann ali ndi kope m'manja. Nambala inaima pa khumi ndi limodzi. Anadikira ola lathunthu kuti aone ngati isunthe, ndipo sinasunthe.

Ann sanali munthu wa nthungululu. Anati khumi ndi limodzi si khumi, ndipo Fiona adakali ndi ntchito yofunafuna yuniti yotsalayo, koma nsanja zipitirira chaka china. Kenako anatembenukira kwa a Jairos. Anati kampani iwalipirira maphunziro ndi mayeso a maboyila kuti akhale ndi pepala la kuno, chifukwa n'kupusa kumusesetsa munthu wotere. Podikira pepalalo, kuyendera mathirapu onse Lolemba lililonse kulembedwa ngati ntchito yawo, ndi chilolezo chake. Anawonjezera kuti agula kachipangizo kamakono komvetsera mapaipi. A Jairos anati zikomo, kachipangizoko akaphunzira, ndipo mumtima anati tidzaona kuti adzayambe kumva ndani.

Anatuluka panja n'kuimbira a Mildred, n'kuwauza zonse. Mayiwo atamva, anangoti, "Dokotala wa mapaipi," ndipo a Jairos anamva kuti akulira.

Anthu ataweruka, Fiona anawapeza pansi pa nsanja yachiwiri. Ananena, akuyang'ana kumbali, kuti Lamlungu mbale azibweretsabe monga kale, koma kuno akamva kanthu azibwera kwa iye mwachindunji, osadzeranso ku basi ya bambo ake. A Jairos anavomera, n'kumutchula kuti a injiniya, ndipo sanali kuseka. Kenako mtsikanayo anatambasula dzanja. Iwo sanamve msanga chomwe ankafuna, mpaka analoza thumba la ovolosi.

Anatulutsa sikuludiraiva ija. Anamuonetsa pogunditsa nsonga, ndi mmene angakanikizire chogwirira pa kafupa ka kutsogolo kwa khutu, osati m'khutu mwenimweni. Anamuuza kuti atseke maso, asamvere phokoso la makina onse, adikire. Fiona anawerama, chogwirira chakuda chija chili pa tsaya lake. Anakhala choncho nthawi yaitali. Kenako nkhope yake inamasuka, ndipo mwana amene a Jairos anali asanamumvepo akulankhula Chichewa anayankhula, lilime likupunthwa pang'ono.

"Ikupuma, Uncle."

A Jairos anangogwedeza mutu, n'kumulozera thirapu yotsatira, poti panali ena khumi ndi anayi oti amvetsere.